Ndinkafuna mazombi, ndapeza chibwenzi: ndipitirize kapena ndisiye?

Wofunsa:
Abale anga m'gulu muno, ndithandizeni nzeru. Sabata yatha mnzanga wa kuntchito ananditumizira buku pa WhatsApp, akuti ndi la mazombi, dziko latha, otsala akuthawa. Pachikuto pali mzinda ukuyaka ndi dzanja lowola litatulukira pa zenera la basi. Ndinati eya, zanga ndi zimenezi. Dzina la bukuli sinditchula.

Mitu itatu yoyamba inali moto. Mtsikana wadzitsekera m'sitolo ya mankhwala, madzi atsala botolo limodzi, panja akufa aja akukanda chitseko. Ndinkawerenga magetsi atazima, foni ili pa 9 peresenti, galu atangouwa kuseri kwa nyumba ine mtima phaa. Kufika mutu wa 4, kwatulukira mnyamata wadzitho, chipsera pa tsaya. Basi, mazombi anapita ku holide. Pano ndili pa tsamba 210 mwa masamba 340. Maso a mnyamatayu andifotokozera kambirimbiri, koma chimene anthuwa akudya sanandiuze. Mwezi wathunthu osasamba, koma akuti tsitsi likununkhira. Sopo anamupeza kuti? Ndiye kwabweranso mnyamata wachiwiri, mtsikana akuchezera kulira kuti asankhe uti, chonsecho mlongo wake analumidwa dzulo lake ndipo palibe wamulira.

Musandimve molakwa, nkhani zachikondi sindidana nazo. Koma munthu ukaitanitsa chambo akubweretsere bonya, umadandaula ngakhale bonya umadya. Kodi mabuku otere amasintha kumapeto, kapena ndingosiya? Nanga kuli ena oti mantha ake ndi enieni?

Mlongo wa ku Zomba:
Achimwene, siyani, silisintha. Limenelo ndi buku lachikondi lovala chigoba cha mazombi. Mabuku achikondi ali ndi lamulo lake: okondanawo ayenera kuthera limodzi mosangalala, apo ayi owerenga ake amakwiya. Ndiye wolemba sangaphe mtsikanayo kapena mnyamata wachipserayo. Inu mukangozindikira kuti awiriwa safa, mantha athera pomwepo. Ulendo wina muziyamba mwawerenga kuseri kwa chikuto. Mukaona atchula mayina a anyamata awiri asanatchule matenda amene athetsa dziko, dziwani kuti zavuta. Pa Goodreads, webusaiti ya owerenga mabuku, muzionanso kuti anthu aliika m'gulu lanji.

Wa ku Johannesburg:
Pezani World War Z la Max Brooks, la 2006. Mulibe chibwenzi choti n'kukutopetsani. Linalembedwa ngati munthu akufunsa mafunso anthu amene anapulumuka, dziko ndi dziko: dokotala ku China, asilikali a ku America, ndi ena otero. Muli gawo la kuno ku South Africa, pamene boma likusankha kupulumutsa ochepa n'kusiya ena ngati nyambo. Ndinagona mochedwa tsiku limenelo. Filimu ya 2013 ya Brad Pitt ija musayesere, inangotenga dzina.

Mayi wa ana awiri:
Ine nditsutseko pang'ono. Chikondi si chimene chalakwa, walakwa ndi wolembayo. Dziko likatha munthu ungalimbikirenso chiyani ngati ulibe womufera? Mu sewero la pa TV la The Walking Dead tinkawakonda Glenn ndi Maggie, ndipo n'chifukwa chake tinalira Negan atamuphwanya mutu Glenn. Filimu ya Train to Busan ya 2016 ija ndi nkhani ya bambo ndi mwana wake wamkazi m'sitima, koma ndani anaonera osapukuta misozi? Kumeneko chikondi chimawonjezera mantha, chifukwa ukudziwa kuti wina atha kufa nthawi ina iliyonse.

Wa ku Mzuzu:
Amayi, mwandiwonongera! Ndili pa season 5 ine.

Mayi wa ana awiri:
Pepani bambo, koma zinaonetsedwa 2016. Tidikire mpaka liti?

Mlongo wa ku Zomba:
Pamenepo tagwirizana amayi. Ndiponso lilipo lina losabisa, Warm Bodies la Isaac Marion. Zombi dzina lake R akukonda mtsikana Julie, mayinawo akuchita kuonetseratu kuti ndi Romeo ndi Juliet. Limenelo sindinakhumudwe nalo chifukwa ndinalowa ndikudziwa. Chopweteka ndi kunamizidwa ndi chikuto.

Mphunzitsi wopuma ntchito:
Ana inu mukundiseketsa. Ife tinakula tikumva za ndondocha, munthu woti anamuika m'manda koma akuti wina wamutenga m'matsenga kuti azimulimira usiku kapena kumugwirira ntchito pa chigayo. Mawu akuti zombi anatchuka kuchokera ku Haiti, ndipo kumeneko tanthauzo lake linali lomwelo: wakufa wodzutsidwa kuti akhale kapolo, m'dziko limene anthu anazunzika ndi ukapolo m'minda ya nzimbe. Zodya anthuzi zinabwera ndi George Romero mu 1968, mu filimu ya Night of the Living Dead. Ndiye mukandiuza kuti lero atsikana akufunsiridwa ndi ndondocha, ine mutu wabalalika. Bwanji mmodzi wa inu osalemba ya kwathu kuno, ndondocha zitaukira mwini chigayo?

Wofunsa:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, imeneyo nditha kugula ngakhale mawa. Ndiulule: ndalephera kupirira, ndadumphira ku mutu womaliza. Anyamata onse awiri ali moyo, wachiwiriyo wapeza wake, ndipo kuli ukwati pa denga la chipatala, keke ilipo. Ufa anautenga kuti, musandifunse. A ku Johannesburg, World War Z ija Chingerezi chake n'chozama kwambiri, kapena munthu wa MSCE atha kulimbana nacho?