Kodi Surface Pro 7 ingalowe m'malo mwa laputopu?

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Mzuzu kuno, ndithandizeni maganizo ndisanatulutse ndalama. Ndapeza Surface Pro 7, tabuleti ya Microsoft, yogwirapo kale ntchito: i5, RAM 8GB, SSD 128GB, kiyibodi yochotseka. Ntchito zanga ndi Excel, Zoom ndi QGIS (pulogalamu yopangira mapu).

Ndafunsa okonza makompyuta awiri m'tauni muno, mayankho akusemphana. Ndayang'ananso ndi powercfg /batteryreport (lamulo la Windows loonetsa mmene batire lilili), batire likusunga 70 peresenti yokha ya mphamvu yomwe linkasunga lili latsopano. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti RAM yake ndi yowotcherera, simungawonjezere, ndipo batire likafa mpaka kumatula sikirini, yomwe sichedwa kusweka. Pobayira USB-A ndi pamodzi pokha, mausi ndi fulashi zizilimbirana.

Amene munaigwiritsapo ntchito, kodi QGIS imayenda bwino osatenthetsa makina? Alipo amasintha batire lake konkuno, kapena mpaka ku Lilongwe? Kapena ndingogula laputopu ya ThinkPad T480?