Mwambi uja wa "kali kokha nkanyama" umatanthauza chani kwenikweni?

Abale, makamaka akuluakulu odziwa Chichewa chakale, ndithandizeni. "Kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu." Ine kuyambira ndili mwana ndimangodziwa kuti ukunena za kugwirizana basi, koma masiku ano ukundisowetsa tulo.

Nkhani yake ndi ya azakhali anga. Anadwala sitiroko chaka chatha, pano amayankhula pang'onopang'ono koma nzeru zawo zili bwinobwino. Tikapita kuchipatala adokotala amafunsa ine, fomu amapatsa ine kuti ndisayine, eni akewo ali pompo akungoyang'ana. Kunyumbanso chimodzimodzi, tinakhala pansi kukambirana komwe azikhala iwo titawasiya kuchipinda, ndiye nditadandaula wina mpamene anatchula mwambiwu, ati munthu sangadziganizire yekha. Zinandiwawa zedi.

Ndiye ndikufunsa, "kanyama" apa ndi kachinthu kopanda nzeru, kapena ndi kanyama kosavuta kugwidwa chifukwa palibe wokachenjeza? Ine ndikuona ngati nchachiwirichi. Komanso taonani, akuti "tianthu" osati "anthu", ka- ndi ti- zonse nzochepetsa, ndiye kuti awiriwo onse ndi aang'ono, palibe wamkulu woti azilamula mnzake. Wachiwiriyo ndi woyenda naye limodzi, si mwini wake ayi.

Izitu mpaka m'malamulo zilimo. Pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali, gawo 12, limati maboma azipereka thandizo loti munthu athe kugwiritsa ntchito yekha ufulu wake pamaso pa lamulo. Ku Peru mu 2018 ndi ku Colombia mu 2019 anasintha malamulo awo, m'malo moti khoti limulande munthu mphamvu nkumuikira womuganizira, iye amakhala ndi omuthandiza kumvetsa nkhani koma mawu omaliza ndi ake.

Sindikunena kuti munthu aziima payekha, azakhali popanda ife sangafike ngakhale kubanki, ndipo inenso wabwinobwinone chinthu chachikulu sindichita osafunsako anthu, nzeru zimene ndili nazozi ndinazitola kwa ena. Koma kufunsa nzeru nkosiyana ndi kulandidwa pakamwa.

Amene munamvako agogo anu akuutchula mwambiwu, ankaunena pa nthawi yotani? Pochenjeza wofuna kuyenda yekha usiku, kapena pomukhazika chete munthu? Sabata ya mawa tikumananso pa nkhani ya azakhaliyi ndipo ndikufuna ulendo uno nawonso akhalepo.