Mellotron M400 yakale: ndisinthe zipangizo zotha kapena ndingozikonza?

Woimba limba, Kapata:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Malume anga anandisiyira Mellotron M400, limba la makiyi 35 lopangidwa ku Birmingham, limene kiyi yake iliyonse ili ndi tepi yakeyake yolira masekondi pafupifupi 8 isanabwerere poyambira. Limbali limayaka bwinobwino, koma mawu a chitoliro amanjenjemera ndipo makiyi ena amachedwa kulira. Mnzanga wokonza mawailesi kuno ku Chipata akuti tichotse zonse zakale n'kuitanitsa zatsopano kunja, koma ine mtima ukukana, chifukwa ndikuopa kuti mawu ake achikale aja atayika. Kodi zoyenera kusintha ndi ziti, nanga zongofunika kukonza ndi ziti?

Mkulu wokonza zoimbira matepi, Katete:
Bambo, musagule kanthu musanalitsegule. Mukadina kiyi, kansalu kochindikala kamakanikiza tepi pa hedi yowerenga mawu, pomwe kawilo ka labala kamaipanikiza pa chitsulo chachitali chozungulira chotchedwa capstan, ndipo chitsulocho n'chimene chimakoka matepi onse. Kawiloko kakauma, tepi imaterera, mawu n'kuyamba kunjenjemera monga mwanenamo. Gwirani timawilo tonse kamodzikamodzi. Timene tangochita litsiro koma tikadali tofewa mutitsuke ndi madzi a sopo pang'ono, osati sipiriti, chifukwa sipiriti amaumitsa labala. Timene taumiratu kapena kung'aluka mulibe chochita nato, mungosintha, pakuti labala wotha sabwerera mwakale.

Capstan yokha musaitaye ndipo musaikhule ndi sandipepala. Muipukute bwino basi. Kiyi iliyonse ilinso ndi timasikuluwu tiwiri, kena kosuntha kansalu, kena kosuntha kawilo, ndipo makiyi ochedwa kulirawo nthawi zambiri amangofuna kupotoza pang'ono pamenepo. Muchite modekha, chifukwa mukamangitsa kwambiri mota yozunguza capstan imalemedwa ndipo nyimbo yonse imatsika.

Mayi wophunzitsa zamagetsi, Lundazi:
Zimene anena akuluwa pa zitsulo ndikugwirizana nazo, koma pa zamagetsi mnzanu uja ali ndi mfundo. Ma M400 ambiri anatuluka ndi bolodi yoyendetsa mota yotchedwa CMC-10, yomwe imadziwika kuti imalephera kusunga liwiro munthu akadina makiyi ambiri nthawi imodzi. Anthu ena amati kutsika kwa mawu kumeneko ndiko kukoma kwa limbali, koma ine ndimaona kuti ndi vuto chabe, ndipo mukaimba ndi kwaya mudzavutika nalo. Ikani bolodi yatsopano. Makapasita (tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi) a m'ma 1970 nawonso asinthidwe ngakhale akuoneka abwino kunja, chifukwa amauma m'kati ndipo akapsa angawononge zina zovuta kupeza. Zonse zimene mwachotsa muzisunge m'katoni mutazilemba, kuti wodzalandira limbali pambuyo panu adzadziwe zimene zinachitika.

Wojambula nyimbo, Mchini:
Achimwene, chimene chimakusungirani mawu achikale ndi matepi, ndipo awo ndiwo ofunika kuwasamala koposa. Ndi a mainchesi 3/8 m'lifupi, okhala ndi mizere itatu ya mawu, choncho simungawapeze pamsika uliwonse kuno kapena ku Lilongwe. Ubwino wake ndi wakuti felemu yonse ya matepi imazuka pamodzi, ndipo kampani ya Streetly Electronics ku England imapangabe matepi ndi zipangizo zina. Ngati anuwo ayamba kusiya fumbi lofiirira pa mahedi, itanitsani felemu ina yoimbira masiku onse, yakaleyo muisunge pamalo ouma, kutali ndi maginito a masipika ndiponso kutali ndi malata otentha a mu Okutobala. Mahedi muwapukute ndi sipiriti wa isopropyl pa kathonje.

Woimba limba, Kapata:
Zikomo kwambiri nonsenu. Loweruka ndiyamba ndi timawilo ndi timasikuluwu tija. Mayi a ku Lundazi, kodi bolodi yatsopanoyo imagwira ntchito ndi mota yakale, kapena ndiyenera kuitanitsa zonse ziwiri pamodzi?