Ndiyamike bwanji mumtima muli zii?

Abale ndi alongo mwa Ambuye ndithandizeniko chonde. Ndili kuno ku Mulanje mbali ya Muloza. Chikokolokereni munda ndi nyumba yathu ndi namondwe wa Freddy mu 2023 zinthu sizinabwererenso mchimake, ganyu yothyola tiyi nayo imangopezeka nthawi ya mvula basi. Kutchalitchi ndimapita ndithu, kwaya ikamaimba pakamwa pamayenda koma mkatimu muli zii, usiku ndikagwada pamphasa mawu osatuluka ndimangoyang'ana kudenga. Ndikudziwa 1 Atesalonika 5:18 imati tiziyamika pa zonse, ndipo ana anga atatu onse anapulumuka, zimenezo sindiiwala ayi. Koma inu amene munadutsamo mumdima woterewu munkapemphera bwanji? Kodi ndi tchimo kunena zikomo Ambuye mtima usakumva kanthu? Ndikawauze abusa kapena ndingopirira?