SMITE: Ymir akufa msanga chonsecho zida zachitetezo zilipo

Chimwala265:
Akuluakulu, thandizeni. Ndikusewera SMITE, masewera a pa intaneti omenyanitsa milungu, yoyamba ija osati SMITE 2. Mu Conquest (asanu kulimbana ndi asanu) ndimakhala support, woteteza anzanga, ndi mulungu wotchedwa Ymir. Pofika level 20 chitetezo cha physical chimakhala chitadutsa 200, koma magulu awiri akangokumana woyamba kugwa ndi Ymir yemweyo. Vuto lili pa zida kapena pa kaseweredwe?

Nyalugwe_MW:
Achimwene, mwangotchula physical, nanga magical ili pati? Nkhani yagona pamenepo. Zitetezo ziwirizi sizibwerekana ntchito. Chida cha physical ngati Sovereignty chimakutchinjirizani ku mivi ya Neith ndi nyundo ya Thor, koma moto wa Agni kapena Kraken ya Poseidon zimalowa ngati simunavale kanthu.

Masamu ake ndi awa: mphamvu ya chomwe akumenyerani ichulukitseni ndi 100, kenako gawani ndi 100 yophatikiza chitetezo chanu. Akakumenyani ndi 1000 muli ndi chitetezo cha 100, mumamva 500. Pa 200 mumamva 333, pa 300 mumamva 250. Taonani kuti 100 yoyamba yakuchotserani 500 yathunthu, pomwe yachitatu yangochotsa 83. Tsono ngati physical ili pa 220 koma magical ili pa 60, chida chotsatira chisakhalenso cha physical. Gulani Heartward Amulet ya magical, yomwe imatetezanso anzanu omwe ali pafupi. Malire a chitetezo chilichonse ndi 325, chopitirira apo n'kutaya golide.

Chinanso, adani akagula Titan's Bane kapena Obsidian Shard amadya gawo la chitetezo chanu. Tiyerekeze akudula 20 peresenti: 200 ija yatsika kufika 160, ndipo 1000 ija mukumva 385. N'chifukwa chake moyo wambiri ndi wofunikanso. Gauntlet of Thebes imapereka moyo ndi zitetezo zonse ziwiri, bola muigule koyambirira kuti ma stack (mphamvu zomwe imaunjika pang'onopang'ono) adzaze nthawi ikadalipo. Musanagule chilichonse tsegulani scoreboard muone amene wakula mphamvu kumbali ya adani, ndi mage (womenya ndi magical) kapena hunter (woponya ndi physical).

MayiAthena:
Masamuwo ndi oona, koma ngakhale pa 325 Ymir akhoza kufa ngati akulowa molakwika. Alibe chothamangira ngati Athena kapena chodumphira ngati Bacchus, akalowa walowa. Musanadinde Blink, yomwe imakusamutsirani patsogolo nthawi yomweyo, yang'anani kumbuyo: kodi mid ndi carry wanu, anzanu omenya mwamphamvu, ali pamtunda woti angafike ndi zomenyera zawo? Ngati akadali kutchire akupha zilombo, mukaumitsa adani awiri ndi Frost Breath popanda wowamaliza, ndipo akasungunuka onse asanu akhala pa inu.

Ndondomeko yabwino ndi Blink, Frost Breath, kenako khoma la ayezi la Ymir kumbuyo kwa amene mwamuumitsayo kuti asowe kothawira. Kumbukirani kuti Blink sigwira ngati mwamenya kapena kumenyedwa m'masekondi 3 apitawo, choncho tulukirani pakona m'malo moyenda poyera pakati pa lane. Khomalo limatsekanso anzanu, osati adani okha. Mukaliika pakati pa hunter wanu ndi mdani, mwapulumutsa mdaniyo.

Pa ma relic, zida zochita kudinda ngati Blink, anthu ambiri amasokoneza. Purification Beads imachotsa zokumangani, monga stun ndi root, koma siletsa kuvulala. Aegis Amulet imaletsa kuvulala kwa kanthawi kochepa, koma simungamenye ili mkati mogwira ntchito. Ares akaponya maunyolo a No Escape, dindani Beads asanakukokeni. Mukadinda mutafika kale pamapazi pake, phindu lake lachepa. Amene mukusewera kuchokera kuno pa seva ya ku Europe, dindani msangako pang'ono chifukwa ping, kuchedwa kwa intaneti, imadya kanthawi kena.

Kalulu_Jungle:
Ndiwonjezere za tower, nsanja zowombera zomwe zimalondera lane. Mukamenya mulungu wa adani muli pansi pa tower yawo, imasiya tiasilikali toyenda tokha mu lane n'kutembenukira inu, ndipo kuwombera kulikonse kotsatira kumapweteka kuposa koyamba. Support akhoza kulandira dala kuti anzake amalize munthu, koma atuluke pakatha kuwombera kuwiri kapena kutatu, asadikire kuti moyo ufike theka.

Pena sindikugwirizana ndi a Nyalugwe kuti nkhani ndi zida zokha. Support wosalira pa level amafa ngakhale atagula bwino. Ndi Sentinel's Gift, chida choyambira cha support, khalani pafupi tiasilikali tikamafa kuti mulandire gawo lanu, koma kumaliza msiyireni carry. Ndipo ward (zoika pansi zoonetsa adani) ziwiri nthawi zonse mukachoka ku base, imodzi pakhomo la chilombo cha Gold Fury, masewera akakula pa chilombo china cha Fire Giant.

Nyalugwe_MW:
Sindinati zida zokha, aise, ndinati ayambire pamenepo poti ndi zomwe watchula. A Chimwala, lembani zida zonse 6 zomwe mumamaliza nazo komanso milungu yomwe imakuphani kawirikawiri. Ngati pali Anubis kapena Aphrodite, pafunikanso Pestilence yochepetsa kudzichiritsa kwawo.