Zatheka: script ya daemon tsopano ikuyenda pa Debian

Zikomo nonse amene munandiyankha pa nkhani ya script ya mu /etc/init.d yomwe inkalephera kudzutsa daemon (pulogalamu yoyenda yokha kuseri) kompyuta ikangoyaka. Ndinatsatira malangizo oika mutu wa LSB (mizere youza Debian nthawi yoyambitsa ndi yoimitsa script) pakati pa ### BEGIN INIT INFO ndi ### END INIT INFO. Pa Required-Start ndinalemba $remote_fs $syslog $network, pa Default-Start 2 3 4 5, pa Default-Stop 0 1 6, kenako ndinayendetsa update-rc.d (lamulo lolembetsa script kuti iziyamba kompyuta ikamayaka) ndi defaults. Daemon inkayamba netiweki isanakonzeke, n'chifukwa chake inkafa. Panopa ikudzuka bwinobwino.

Chomwe chinavuta kwambiri ndi PID, nambala ya process (pulogalamu imene ikuyenda). Daemon yanga imachita fork yokha (imapanga process yachiwiri, yoyambayo n'kutha), ndiye --make-pidfile ya start-stop-daemon (lamulo loyambitsa ndi kuimitsa ma daemon) inkasunga nambala ya process yoyamba, imene imatha nthawi yomweyo, stop n'kusowa choimitsa. Ngati yanu ndi yotere, chotsani --make-pidfile ndi --background. Daemon izilemba yokha fayilo ya PID, inu mungoilozera ndi --pidfile.

Musanyozere ma exit code, manambala amene script imabweza ikamaliza. status izibweza 0 daemon ikamayenda, 1 ikafa koma fayilo ya PID ilipobe, 3 ikakhala yoima. start pa daemon yoyenda kale izibwezanso 0, ndipo --oknodo ya start-stop-daemon ndi imene imathandiza pamenepa.