Galaja imodzi, matabwa ndi zitsulo: tiyale bwanji zida kuti nyumba isadzapse?

Wofunsa, Area 49: Moni nonse a pagulu. Ndikudziwa kuti muno muli amisiri ondiposa, choncho ndithandizeni nzeru.

Galimoto ndinagulitsa chaka chatha, galaja n'kutsala yopanda kanthu. Ndi ya mamita 6 m'litali, 3 ndi theka m'lifupi. Ili ndi chitseko chachikulu kutsogolo, kazenera kamodzi kumbuyo ndi masoketi awiri basi. Ine ndimapala matabwa Loweruka ndi masiku a tchuthi. Zida zambiri n'za malemu bambo anga: mapuleni awiri, matchizulo, masowo, makalampu ndi benchi ya mlombwa yoti amuna anayi amabuula poinyamula. Ndinangowonjezerapo sowo yamagetsi ndi makina osalalitsira.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wamaliza maphunziro a zowotcherera ndipo alibe malo. Kodi malume angakane? Analowa ndi makina ake, galainda, vayisi ndi zitsulo. Amapanga mafelemu a mawindo, mageti ndi miyendo ya matebulo imene ine ndimaikapo thabwa pamwamba. Malondawo akuyenda, koma m'katimo simukuyendeka. Tepi yoyezera timaifuna m'mawa wonse.

Chandilembetsa ndi ichi. Loweruka lapitali mnyamatayu anadula zitsulo mpaka cha m'ma 5 koloko, tinatseka n'kukadya. Cha m'ma 9 mayi a kunyumba akuti akumva fungo la chinthu chopserera. Kukatsekula, utuchi wa pansi pa benchi ukufuka, pakati pake pali pofiira ngati mbaula. Khoma la galajayo ndi lomwelo la chipinda cha ana. Usiku umenewo tulo sitinatione.

Ndiye ndiyale bwanji? Kapena ndingomuuza mphwangayo kuti akasake kwina? China, tebulo la mbawa limene ndinkamalizitsa latuluka timadontho takuda pamwamba ponse, sindikudziwa kuti tachokera kuti.

Kalipentala wa ku Mchesi: Pepani bambo, Mulungu anakuonani. Mwanayo musamuthamangitse, ingogawanani malo. Matabwa apite kumbuyo, zitsulo zibwere kukhomo. Benchi ya madala ija muikankhire ku khoma la zenera kuti muziona mzere wa pensulo, ndipo pansi pake pakhale poyera poti tsache lizidutsa. Ambiri timalakwa pamenepa, pansi pa benchi timasandutsa nkhokwe ya zidutswa zimene timati tidzagwiritsa ntchito koma sitizikhudzanso.

Zida zam'manja zichoke m'makatoni. Khomani pulayiwudi pakhoma, chida chilichonse chikhale ndi msomali wake, ndipo muchijambule mozungulira ndi maka. Madzulo mukaona chithunzi chopanda chida, mwadziwa kale kuti wina wabwereka. Matabwa aatali aikeni m'mwamba pa mabulaketi, mphwanuyo akuwotchererani. Akagona pansi amakoka chinyezi n'kupindika, komanso chiswe sichichedwa kumva. Mapulayiwudi ndi a mamita 2.44 kwa 1.22, amenewo aimikeni chotsamira khoma, pansi muikepo timitengo.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Achimwene a ku Mchesi anena bwino za matabwa, koma pa moto ndikutsutsa pang'ono. Kugawa galaja ya mamita 6 pakati sikuthetsa kanthu. Timoto ta galainda timatha kuuluka mamita 10, timagunda khoma n'kubwerera, timalowa m'ming'alu imene diso silifika. Anthu amaopa makina owotcherera chifukwa cha kuwala, koma wakupha weniweni ndi galainda. Ndipo utuchi suyaka pompo, umanyeka chamumtima maola angapo, monga mwaonera nokha.

Ntchito ya moto ituluke panja. Mangani kashedi ka malata kutsogolo kwa galaja, pansi pakhale simenti kapena dothi, tebulo lachitsulo likhale la matayala kuti madzulo lizilowa. Podula kapena powotcherera, chitseko cha galaja chizikhala chotseka. M'katimo muzingosungiramo zida. Ndiponso zitsulo za sikweya ndi angle iron zimabwera za mamita 6, m'galaja yanuyo zingalowe bwanji osatsekereza njira? Zipangireni choikapo m'mbali mwa mpanda, chofoleredwa pamwamba, chokhoma ndi tcheni.

Lamulo langa kwa anyamata anga: moto umasiya ola lathunthu tisanaweruke. Ola limenelo ndi losesa, kupukuta zida ndi kununkhiza.

Mayi wa ku Zomba: Ine si mmisiri, koma ndinakhalapo moyandikana ndi owotcherera zaka zitatu. Mukatulutsa ntchitoyo panja, mutchingire mbali ya msewu ndi ya khomo la nyumba. Ana amakonda kuyang'anitsitsa kuwala kuja, usiku n'kumalira kuti m'maso muli mchenga. Ndiponso kambiranani ndi aneba za nthawi ya phokoso. Galainda ya 6 koloko m'mawa Lamulungu imadanitsa anthu amene ankapatsana mchere.

Wokonza magetsi, Mzuzu: Palibe amene wafunsa za masoketi awiri aja, ndiye ndifunse ine. Makina owotcherera mukuwalumikiza pati? Pulagi yathu yamano atatu ili ndi fyuzi ya 13A, pa magetsi a 230V ndiye kuti mphamvu yake ndi pafupifupi mawati 3,000. Makina owotcherera akamakoka kwambiri amapitirira pamenepo. Fyuzi ikapsa kawiri katatu, anyamata amaikamo waya kapena msomali, ndipo kuyambira tsiku limenelo chimene chimatentha ndi waya wa m'khoma.

Kokani laini yakeyake kuchokera pa bokosi la magetsi, waya wokulirapo kuposa wa 2.5mm wa masoketi wamba, ndi breaker yake, swichi yodula magetsi yokha akachuluka. Kukula kwenikweni kudalira makinawo ndi kutalika kwa mtunda, choncho aone munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ayezenso ngati earth, waya wotsitsira magetsi pansi, ilipodi. Masoketi ena aikidwe pamwamba pa benchi kuti nthambo zisamakwawe pansi. Ekisitenshoni yokulunga ija muziitambasula yonse mukamagwiritsa ntchito, ikakhala yokulungidwa imatentha ngati koyilo ya kuka.

Wofunsa: A ku Mzuzu mwandigwira pakhosi. Ndapita kukatsekula pulagi ya makinawo, ndapezamo kawaya m'malo mwa fyuzi. Mnyamatayu akuti "malume, imangopsaipsa." Ndaichotsa.

Mnyamata wa pa Biwi: Kkkk malume aliyense ali ndi mphwake wotere. Koma za utsi musadandaule, azingomwa mkaka akaweruka.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Iwe, za mkakazo tinakula nazo koma n'zabodza. Mkaka umapita m'mimba, utsi umapita m'mapapo. Makamaka mapaipi a galvanised, okutidwa ndi zinki aja, utsi wake woyera uja umadwalitsa, usiku umanjenjemera ngati malungo. Mankhwala ake ndi mpweya wodutsa, kupala chitsulocho pamalo owotcherera, ndi kusaika mutu mu utsi. N'chifukwa chinanso ndikuti panja.

Mphunzitsi wa zaukalipentala wopuma: Mwana wanga, za timadontho takuda tija palibe wayankha. Ndi fumbi la chitsulo lochokera ku galainda. Likagwera pa thabwa ngati mbawa n'kukumana ndi chinyezi, chitsulo chimagwirizana ndi madzi a mumtengomo n'kudetsa ngati inki. Ngati simunapake vanishi, palani pang'ono ndi kusalalitsanso. Timadonthoto tikakana, mankhwala a oxalic acid osungunula m'madzi amachotsa, koma muvale magolovesi ndipo mutsuke bwino thabwalo mukatha. Ntchito yomalizitsa muziiphimba ndi nsalu, ndipo sandipepa amene wakhudza chitsulo asakhudzenso thabwa.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Thina, vanishi, penti ndi petulo zili kuti? Ngati zili m'galaja momwemo, zitulutseni lero, zikakhale m'kabati yachitsulo kutali ndi kashedi ka moto. Nsanza zopakira linseed oil, mafuta opaka matabwa aja, musaziunjike pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka popanda woyatsa. Ziyanikeni chotambasula panja kapena ziviikeni m'chitini cha madzi. Chozimira moto cha ufa chikhale pafupi ndi chitseko, osati kumbuyo kumene moto ungakutsekerezeni, ndi ndowa ya mchenga pambali pake. Madzi pa waya wamoyo ayi.

Mvula ikayamba mu Novembala, mapuleni a bambo anuwo muziwapaka kamafuta. Zida zakalezo chitsulo chake n'chabwino, koma dzimbiri silisankha.

Wofunsa: Zikomo nonse, makamaka inu madala. Zitini za thina zinali pansi pa benchi yomweyo, mkono umodzi kuchokera pamene panafuka paja. Mayi a kunyumba sindinawauze zimenezi.

Takhala pansi ndi mphwanga. Kashedi timanga mwezi uno, malata otsala pomanga mpanda alipo asanu ndi limodzi, mapolo awotcherera yekha. Kufikira pamenepo galainda ikulira pabwalo, chitseko chotseka. Wamagetsi abwera Lachiwiri. Chatsala n'choti tigwirizane za mayunitsi, chifukwa chibwerereni makina akewo mita ikuthamanga ngati yaona njoka. Amene mumagawana malo ndi achibale, mumawerengetsana bwanji osayambana ndi mlongo wanu?